Ngayaye za Kudimba

"Deliwe, ukawauze amuna akowo aleke kudula ngayaye. Chimanga sachidula kumutu chisanakhwime!"

Anatero aNangondo, koma mwana wawoyo anangoseka. Nanga si mayiwa ankaopa chilichonse, kaya njinga za kabaza, kaya chitsime, ngakhale kamtambo kakuda. Machenjezo awo anthu anali atawazolowera ngati kulira kwa nkhuku.

Chaka chimenecho mvula inadula msanga kwa Nthache, m'nkhokwe munalibe kanthu. Banja lonse, ndi tidzukulu tomwe, linkadalira chimanga cha kudimba chimene Mateyu, mkamwini wawo, ankathirira ndi kheni. Dimbalo linali lokhalokha kukhwawa, popanda munda wina pafupi. Udzu utauma, mbuzi za mkamwiniyo zinayamba kuoneka nthiti. Ndiye poona ngayaye zanthete zikungotuluka kumene, Mateyu anati ndiwo za mbuzi zapezeka.

M'mawa mwake aNangondo anamuonanso akubwera, mtolo wa ngayaye uli paphewa. Anafuna kumuletsa pomwepo. Koma mkamwini sungamuimike panjira n'kumukalipira, mwambo sulola. Anangopatukira kutchire, iye n'kudutsa.

"Deliwe, mwana wanga, tamvera," anayambanso atafika kunyumba. "Kaufa kachikasu kamene kamayoyoka ku ngayaye kaja kamagwera pa ndevu za chimanga. Ndevu ikapanda kulandira kaufako, njere yake simera. Chakumutu n'chachimuna, cham'chiuno n'chachikazi. Mukachotsa mwamuna, aberekerana ndi ndani?"

"Amayi inunso! Dzana mumalira kuti mbuzi zifa ndi njala. Lero tisazidyetse. Tigwire chiti?"

Deliwe anakanenadi kwa mwamuna wake, koma monena moseka. Yankho linabwera tsiku lomwelo: "Akuti musadandaule, akuchipepuza katundu kuti mphamvu zonse zipite m'chiuno."

ANangondo chakudya chinaleka kulowa. Ankapita kudimba mozemba, n'kugwedeza mapesi odulidwa mitu aja kuti mwina kaufa kagwa. Ayi ndithu. Ndevu zinkangotalika, zili yembe yembe, kudikira chimene mbuzi zinadya kale. Chimanga chokha kunja kwake chinkaoneka bwino, moti Deliwe ankati, "Mwaona, amayi? Mantha basi."

Tsiku lokolola Mateyu anathyola chachikulu kwambiri, n'kusenda makoko akumwetulira. Kumwetulirako kunathera pomwepo. Chitsononkho chili mbee, apa njere, uko njere, ngati m'kamwa mwa nkhalamba. Anathyola china, chimodzimodzi. Analowa pakati pa dimba, kusenda, kutaya, kusenda, kutaya, thukuta lili kamukamu. Njere za dimba lonse sizinadzaze ndi dengu lomwe.

Ana inu, njala ya chaka chimenecho musaifunse. Loweruka lotsatira anthu anamuona Mateyu pamsewu wa ku Thambani, matumba opanda kanthu ali pakaliyala ya njinga, akukusa mbuzi zake zonse, zonenepa bwino, kukazisinthitsa ndi chimanga cha anthu ena.