Kiyi wa Adadi

Dalaivala anagwada pansi ndi yunifolomu yake yosita bwino, n'kusuzumira kunsi kwa sofa. Anapezako supuni, sokosi imodzi ndi nthochi yolumidwa, koma kiyi wa galimoto ya kuntchito kunalibe. Seveni inali itakwana kale, ndipo sabata yatha bwana anali atanena mosapita m'mbali kuti akadzachedwanso, asadzavutike n'kubwera.

Wakuba ankadziwika. Anali chilili pakhomo la kuchipinda, kamimba patsogolo, thewera lili lende. Anali mwana wake wamkazi wa chaka ndi miyezi khumi, amene m'nyumbamo ankamutcha Kamphepo.

"Kamphepo, mwana wabwino iwe, kiyi wa adadi ali kuti?"

"Ayi."

Mawu amene mwanayu ankawadziwa anali ochepa, koma "ayi" yekha ankamutchula momveka ngati munthu wamkulu.

"Musamufunse choncho, bambo ake," anatero mkazi wake ali kukhitchini. "Muuzeni akusonyezeni."

Kamphepo anagwira chala cha bambo ake n'kuwakokera kubafa monyadira. M'ndowa munali rimoti ya wailesi, itamira. Anawakokeranso kubini, n'kuloza nsapato ya amayi ake. Dalaivala anagwira mutu, thukuta lili kamukamu. Zoona ntchito ya zaka zisanu ndi ziwiri ithe chifukwa cha munthu wosadziwa n'kupukuta mamina komwe?

Mkazi wake anabwera n'kumuyang'anitsitsa mwanayo. "Taonani mmene akuyendera," anatero. Anamunyamula, n'kupisa dzanja m'thewera. Kiyi uja anatuluka.

Dalaivala anamutsomphola kiyiyo n'kuthamangira kuchitseko, koma timanja tiwiri tinamukwakwatira mwendo.

"Dadi pita ayi. Dadi khala."

"Amakuonanitu m'mawa uliwonse," anatero mkazi wake motsitsa mawu. "Mukangotenga kiyi, basi mwapita, mpaka iye kugona osakuonani. Ndiye wati abise kiyiyo."

Dalaivala anawerama. Anamasula tizala tija kamodzikamodzi, n'kutuluka, kulira kukumutsatira mpaka pabwalo.

Atangokhala m'galimoto, foni inalira. Anali bwana. Pawindo la nyumba panali kankhope konyowa, mphuno itakanikizika pagalasi.

"Ndili m'njira, bwana," anatero.

Koma kiyi anali akadali m'manja mwake, wofunda.