Nthenga Yachitatu

"Iyinso tayani," anatero Bwana, akukankha ndi nsapato katoni yodzaza nthenga. "Munthu wamkulu kumasunga zinyalala za nkhuku ngati chuma."

Bwanayo sanali bwana wa munthu aliyense. Dzinalo analitola ali mwana chifukwa chokonda kuloza ntchito ndi chala, ndipo imfa ya bambo ake inangomukweza udindo. Mipando yobwereka pamaliro inali isanabwezedwe n'komwe, iye atalowa kale m'chipinda chakuseri, momwe malemu ankapangira mivi ya anthu ochita masewera olasa chandamale. Mkazi wake anali pambuyo ndi tepi, kuyeza khoma lodzapachikapo magalasi a saluni.

"Si za nkhuku, achimwene, ndi za nkhukundembo," anatero mchemwali wake wamng'ono, yemwe onse ankamutcha Mamanzere. "Ndipo chipindachi ndikuchifuna ine. Ntchito ya bambo isafere pomwepa."

"Iwe? Unabwera kudzalira, walira. Si iwe unatuluka muno utamenyetsa chitseko?"

Mayi awo anakhala pa mpando wa malemu, chikwama chili pamiyendo. Nyumbayo inali yawo, mawu omaliza analinso awo, koma chiikireni maliro pakamwa panali potseka.

Nkhani ya chitsekoyo inali yoona. Muvi umamatidwa nthenga zitatu kumchira, mopendekeka pang'ono, kuti mphepo ikamazikankha muviwo uzizungulira ndi kuyenda mowongoka. Ukathamanga kwambiri, umazunguliranso kwambiri. Ukazipendeketsa mopitirira, nthengazo zimadya liwiro ndipo muvi umatopa usanafike. Zonsezi malemu ankazidziwa ngati m'thumba mwawo, koma anali ndi lamulo limodzi losakambirana: mivi yawo inkazungulira kumanja, ndi nthenga za phiko lakumanja basi.

Tsono Mamanzere, ataponya muvi wopanda nthenga, anaona kuti uta wake umautulutsa ukuzungulira kumanzere. Anauza bambo ake kuti nthenga zawozo zimayamba zalimbana kaye ndi muvi zisanauthandize. Anawauza pamaso pa makasitomala. Bambowo anati m'nyumba mwawo simudzalowa phiko lakumanzere iwo ali moyo. Mwana anatuluka, ndipo awiriwo sanalankhulanenso. Uthenga wa matenda a bambo ake Mamanzere anauchedwera, nakapeza bedi la kuchipatala atayalapo kale wina.

"Amuna anga, nanga ichi n'chotayanso?" anafunsa mkazi wa Bwana, atavundukula nsalu pa tebulo. Pansi pake panali chopanira nthenga, muli muvi wosamalizidwa. Nthenga ziwiri zinali zitamatidwa, malo a yachitatu ali mbee.

Bwana anausolola, nausuzumira kuchokera kumchira. Naye anakulira m'fungo la guluu, ngakhale sankafuna kuti anzake a kuofesi adziwe.

"Mwaona, mayi? Ndinkanena ine kuti matenda aja anafika kumutu. Nthenga zapendekera kolakwika. Bambo ali bwinobwino sakanachita zimenezi."

"Upachike," anatero mayiwo.

Onse anacheuka.

"Ndati upachike. Kapena ubwana unakuiwalitsa?"

Kudenga kunkalendewera ulusi pamwamba pa fani yakale yoyang'ana m'mwamba, pomwe malemu ankayesera mivi. Bwana anamangirira muviwo, nsonga ili pansi, nayatsa fani pang'ono. Muvi unagwedera ngati woledzera, poti nthenga zinali zosakwana, kenako unayamba kutembenuka. Atawonjezera mphepo unafulumira, ulusi n'kumapotana. Unkapita kumanzere.

"Mutu unali bwinobwino," anatero mayi. "Mapiko akumanzerewo ndinakagula ndine. Bambo anu anandibweza ulendo woyamba, akuti ndabweretsa akumanja. Ndinawafunsa kuti kodi mbalameyo inkalemba ndi dzanja liti, sanaseke n'komwe."

Mamanzere anamasula muviwo. Anagunditsa mchira wake pachifuwa, natambasula manja onse kutsogolo, monga amayezera muvi woyenera munthu. Nsonga inathera ndendende pa zala zake. Palibe kasitomala amene anali ndi mikono yaifupi choncho.

"Nanga osangomuimbira foni bwanji?" anafunsa Bwana, mawu atakwera. "Munthu kumwalira ndi mawu m'kamwa, ife kuno n'kumatukwanizana?"

"Bambo ako kupepesa ndi pakamwa? Ine anandikwatira osanenapo kuti amandikonda. Anangobwera kwathu n'kukonza chitseko chomwe sichinawonongeke."

Mkazi wa Bwana anaseka, koma atazindikira kuti akuseka yekha anayamba kukulunga tepi yake mwakachetechete.

"Ineyo ndiye ndinali chitsiru," anatero Bwana. "Kuwanyamula kupita nawo kuchipatala ndine, kuwasambitsa ndine, kuwatembenuza ndine. Wothawa ndiye amusiyira muvi. Ine andisiyira chiyani?"

Mamanzere anayang'ana muvi uli m'manja mwake. Akanakonda bambo ake akanafa ali okwiya. Mkwiyo akanatha kuubweza, koma ichi akachibweza kwa yani?

Mayi anatsegula chikwama, natulutsa malaya amene malemu anavala popita kuchipatala. M'thumba la pachifuwa munali nthenga imodzi yodulidwa kale, yonyolozoka m'mbali chifukwa chogwiridwagwiridwa.

"Manja a bambo anu anali atayamba kunjenjemera," anatero. "Anati yomalizayi sangaiike mokhota, mwiniwake angawaseke. Ndiye ankangoisisita pabedi paja, manesi n'kumayesa ndi yotokosera m'khutu." Anaipereka kwa mwana wawo wamkazi. "Chipindachi n'chako. Apongozi, saluni tiona kwina."

Bwana anatola makiyi ake a galimoto. Anafika mpaka pakhomo, n'kuima.

Mamanzere anali atabwezera muvi m'chopanira. Anawongola nthengayo ndi malovu, naipaka guluu m'mphepete, koma nthengayo inkaphiriphitha ndi mphepo ya fani.

Bwana anabwerera. Anazimitsa fani, natseka zenera, n'kuima chogwira mpweya monga ankaimira ali ana, poti guluu akakhala wosauma malemu sankalola ngakhale munthu kutsokomola. Mayi anapinda malaya aja, thumba lili pamwamba, nawaika pa mpando.