Magawo Anayi a Chikhadabo

Amake Dalaivala anayala manja pathebulo la m'saluni. Mwana wawo wamkazi, Mzime, amene ankakonza zikhadabo za anthu pamenepo, anakwinya mphuno.

"Amayi, izi ndi zikhadabo kapena makungwa?"

"Pala, usandifunse. Manja omwewa ndi amene ankakupukuta mamina."

Zinali zachikasu, zokhuthala, zodzaza timaenje ngati wina anazibayabaya ndi singano. Zina zinali zitanyamuka kusiya mnofu, pansi pake pataunjikana zoyera zonga choko. Kuchipatala ankati ndi soriyasisi, nthenda ya khungu imene imalowanso m'zikhadabo. Sipatsirana. Adokotala ananena zimenezo, mwana wawo dalaivala uja anamva ndi makutu ake, koma mkazi wake anangoti, "Zikapola mudzamunyamula." Ankanena za mdzukulu, khanda loyamba m'banjamo, limene linali litayamba kuseka agogo ake asanalikhudzepo n'kamodzi komwe.

Mawa lake linali tsiku lakuchipatala. Jakisoni amene ankalandira ankagwira ntchito, koma chikhadabo chimakula ngati chikukakamizidwa. Kutsinde kunali kutangotuluka kamzere kosalala, kwina konse kunali kowonongekabe. Mayiwo anatopa nako kudikira.

Mzime anawenga zonse zonyamuka mpaka pamnofu, anakolokosa choko chija, n'kupala pamwamba mpaka timaenje tinafufutika. Magazi anatuluka pang'ono pachala chamkombaphala. Anapaka mafuta, n'kutenga foni.

"Wandijambula poyamba paja, ukujambulanso chiyani?"

"Ndi ntchito yanga, amayi. Khalani phee."

Kuchipatala adokotala anali mayi wachitsikana wa maso otopa, ndipo pakhomo panali mzere wofika kumasitepe. Anali ndi kayezedwe kawo. Chikhadabo chilichonse ankachidula ndi maso, mzere wotsika ndi wopingasa, chikhale magawo anayi ngati zenera. Kenako ankawerenga magawo amene muli timaenje, amene anyamuka, amene asintha mtundu. Chiwerengero chikakwera, nthenda yakula. Jakisoni anali wochepa, ankapita kwa amene chiwerengero chawo chili pamwamba. Amake Dalaivala ankazidziwa zimenezo.

Adokotala anatembenuza chala chachikulu pansi pa nyali, n'kuima.

"Mayi, simunachite kanthu pa zikhadabozi? Paja ndinati musamazikonze mukamabwera kuno."

Mayiwo anayang'ana kukhoma. Akanena zoona, jakisoni apitirira, ndipo adikiranso miyezi, mwana aphunzire kukwawa, kuima, kuthawa. Akakhala chete, atuluka ndi mawu okapereka kwa apongozi awo, mkazi wa Dalaivala uja. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko.

"Ndangowenga basi. Zimakola zovala."

"Mwawenga kwambiritu."

"Dzanja langa ndi lolemera, adokotala."

Wina anagogoda pachitseko. Adokotala anapitiriza kuwerenga, chala ndi chala, gawo ndi gawo, milomo ikuyenda.

"Zatsika kuposa theka. Jakisoni tisiye, muzingopaka mafuta. Panjapo pali bambo amene akulephera ngakhale kumanga batani la malaya."

"Ndiye ndachira?"

"Nthendayi siitheratu. Koma zili bwino ndithu."

"Ndikanene choncho kunyumba?"

"Kaneneni."

Potuluka anawaona bambowo atakhala pabenchi, manja atawabisa m'khwapa. Sanawapatse moni.

Kwa mwana wawo anafika atanyamula sopo wawo, nasamba m'manja pampopi wapanja kuti aliyense aone. Apongozi anali pampando wapabalaza, khanda lili pamiyendo, foni ili m'dzanja. Dalaivala ankapukuta nsapato pafupi ndi chitseko.

"Adokotala akuti zili bwino. Jakisoni asiya," anatero mayiwo, natambasula manja. "Bwera naye kuno."

Apongozi sanadzuke. Anangowatembenuzira foni. Panali zithunzi ziwiri zogundizana, manja omwewo, mphete yomweyo ya malemu amuna awo. Pansi pake Mzime anali atalemba kuti: Ngakhale zoola timakonza. Anthu anali atayankha ambiri. Wina ankafunsa ngati mwini manjawo akadali moyo.

"Achemwali anu ndi katswiri, bambo a mwana," anatero apongozi akuseka. "Apusitsa mpaka adokotala. Koma ine ayi. Chikomekome cha mkuyu, amayi, m'kati muli nyerere."

"Sipatsirana. Unamva wekha, iwe," mayiwo anatembenukira mwana wawo.

Dalaivala anauzira mpweya pansapato, napitiriza kupukuta.

"Amayi, musavute. Mwana khungu lake n'losakhwima."

"Lako linali lachikopa?"

Dalaivala anatenga nsapato inayo. Khandalo linatembenuza mutu kutsata mawu achilendowo, n'kumwetulira, nkhama zokhazokha. Mayiwo anasuntha phazi limodzi. Apongozi anakoka kansalu, n'kuliphimba kumaso.

"Koma musabwerere chabe, poti mwasamba kale m'manja." Apongoziwo anasuzumira pansi pa thebulo natulutsa magolovesi a mphira, atsopano, akadali m'pepala lake. "Ndinakugulirani. Matewera ali kubafa. Mukatha muwathire madzi otentha."

"Matewerawo?"

"Magolovesiwo."

Mwezi usanathe, kamzere kosalala kaja kanatuluka ndi timaenje. Zikhadabo zopalidwa zija zinapyapyala, zinang'ambika, ndipo madzi a sopo ankaluma ngati tsabola. Atabwerera kuchipatala, namwino wapakhomo anati malo awo anapatsidwa kale kwa wina, adikire kuyezedwa kwa ulendo wotsatira, ndipo nthawi ino asazikonze. Mzime anapeza makasitomala atsopano.

Amake Dalaivala amapitabe kwa mwana wawo Loweruka lililonse. Amalowera kukhomo lakuseri. Magolovesi amawapeza atapachikidwa pamsomali wawokha, kutali ndi matawulo. Nthawi zina apongozi amatsegula chitseko cha bafa pang'ono n'kuponya thewera longovulidwa kumene. Mayiwo amadikira chitseko chitsekeke. Akatero amavula golovesi limodzi, n'kuika chikhato pathewerapo, lisanazizire.