Chanzi cha Fyness

"Ine chomera sichinandikanepo," anatero a Jameson, akumenya kauntala ya m'sitolo ya a Essop ndi chikhatho. "Mundipatse mpini wa tsache, ndikauzike pa Wigston pompa, pofika Lamulungu mudzathyolapo masamba."

A Essop, amwenye obadwira ku Limbe amene Chichewa chawo chinkaposa cha ana athu obadwira kuno ku Mangalande, anangoloza matumba a kompositi amene anawaunjika pakhomo.

"Achimwene, nyamulani thumba limodzi, ndakupatsani ulere. Njere zochokera kutali zimafuna dothi losefa, lopanda zosokoneza."

"Dothi la m'thumba? Ine munthu wamkulu ndi ndevu zanga, kutuluka m'sitolo nditasenza dothi ngati shuga? Akamva kumudzi adzati Mangalande yandizunguza mutu. Dothi lili kuseri kwa nyumba yanga, la Mulungu."

Kunena zoona, ulimi wa a Jameson unali wa pakamwa. Anakulira ku Ndirande, kumene munda wawo wonse unali chitini cha anyezi pawindo. Koma ulendo uno matamawo ankabisa chinthu cholemera.

Mkazi wawo, Fyness, namwino, anali atamwalira mu Febuluwale. Anali wa pa chilumba cha Chisi, m'nyanja ya Chilwa. M'masiku ake omaliza m'chipatala sanapemphe zambiri. Anangolakalaka fungo la chanzi, kachitsamba ka masamba okhakhala kamene kankamera kuseri kwa nyumba ya amayi ake. Ukafikisa tsamba lake limanunkhira ngati ndimu, ndipo akagwidwa chimfine ankaliviika m'madzi otentha.

"Poti mudzandiika kuno kozizira," anatero Fyness, mawu akutuluka movutikira, "mudzandidzalire chanzi kumutu. Ndizidzamva ngati ndagona kwathu."

A Jameson anamugwira dzanja n'kulonjeza. Pa zaka makumi awiri za banja lawo, aka kanali koyamba kuyankha osaponyamo nthabwala.

Njerezo anabwera nazo ndi a Pempho, akulu ake a Fyness, amene ankasamalira okalamba ku Normanton, ku Derby. Anapita kumudzi kukasiya zovala za malemu kwa abale, n'kubwerako ndi kaenvulopu. Njere zake zinali tating'ono ngati fumbi.

A Jameson anakumba dothi m'mbali mwa mpanda, kumene kuseri kwake kumadutsa njanji, n'kudzaza mphika waukulu wa maluwa. Anawaza njerezo, nathirira. Sabata zitatu, zii. Sabata yachinayi kunatulukira kamutu kobiriwira, kamodzi kokha.

"Alamu, chabadwa!" anakuwa pa foni.

"Tajambulani ndione," anatero a Pempho.

"Ayi, mudzaona tsiku lovundukula chiliza. Ndikufuna mudzagwire pakamwa."

Kuyambira pamenepo bambo uja anasanduka mlezi. Chisanu chitayandikira analowetsa mphikawo m'kachipinda ka magalasi, nagula hita yotenthetsa m'chipindamo, naukulunga ndi chitenje chimodzi cha Fyness chimene anachibisa pamene zovala zinkapita kumudzi. Anasinthana mashifiti ndi anzawo a kuntchito kuti masana aziutembenuzira kumene kuli kadzuwa. Akamathirira ankacheza nacho chitsambacho ngati ndi Fyness: wakuti wakwatiwa, wakuti wasamukira kwa anthu olemera ku Oadby ndiye moni wayamba kumuvuta, kwaya ya ku tchalitchi ikusowabe wokweza mawu chichokereni iwe. Nthawi zina ankaiwala kuti kandowa kothirira kali m'manja, mpaka madzi kusefukira.

Chitsambacho sichinawachititse manyazi. Pofika Epulo wa chaka chotsatira chinali m'mawondo, pofika Juni m'chiuno.

"Mwaona, a Essop? Chomera cha pachilumba, koma chikukula ngati chinabadwira mu Leicester momuno! Nanga mukanandinamiza ndi thumba lanu lija?"

"Chikununkhira?" anafunsa a Essop.

"Mpaka nyumba yonse!"

Apa ananama. Kovidi atawagwira kuntchito anawasiyira moyo koma anapita ndi mphuno. Ankafikisa tsamba, n'kuliika pamphuno, osamva kanthu, n'kutukwana mphunoyo.

Tsiku lovundukula chiliza linali Loweruka mu Julayi, kunja kutawala bwino. Anthu a mpingo anabwera, ena akadali ndi yunifolomu ya kuntchito mkati mwa majekete. Amayi anaimba nyimbo imene Fyness ankaikonda, ndipo pa ndime imene iye ankakweza mawu palibe amene anakweza. Abusa anapemphera. Nsalu yoyera itachotsedwa pamwala, dzina lake linaonekera, ndi mawu oti Chisi pansi pake.

Kenako a Jameson ndi a Essop anatsitsa mphika m'galimoto, wofundikidwa ndi chitenje chija, n'kuuika kumutu kwa manda. A Jameson anakonza tayi.

"Abale ndi alongo, mkazi wanga anandipempha chinthu chimodzi chokha. Ena ankati sizingatheke, dziko lino n'lozizira. Ine ndinati Fyness sagona pachilendo ine ndili moyo." Anatembenukira ku chiliza. "Mayi, ndakubweretsera kwanu."

Anachotsa chitenje. Anthu anang'ung'udza moyamikira. Chitsambacho chinali chonenepa, cha masamba ataliatali, otuwa kunsi.

A Pempho anasendera pafupi, misozi ili m'masaya. Anagwada, nathyola tsamba, nalifikisa pakati pa zala monga ankachitira ali ana. Analiika pamphuno. Anathyolanso lina, nalifikisa kwambiri mpaka zala kubiriwira.

"Alamu," anatero chapansipansi, "dothi limeneli munalitenga kuti?"

"Kuseri kwa nyumba. Bwanji?"

A Pempho anadzuka, nasasa mawondo, nayenda pang'onopang'ono kudutsa pakati pa manda mpaka kumpanda. Kumeneko kunali tchire la zitsamba zija zimamera zokha m'mbali mwa njanji ndi m'ming'alu ya makoma, zimene a khonsolo amadula chaka ndi chaka koma osatha, agulugufe ali piringupiringu pa maluwa ake. Anathyola nthambi imodzi, nabwera nayo anthu onse akuyang'ana, naigoneka pamwala pafupi ndi mphika uja.

A Jameson anayang'ana tsamba la nthambiyo. Anayang'ana tsamba lawo. Anatembenuza onse awiri kuti aone kunsi, ndipo kunsi kunali kotuwa chimodzimodzi.