Nkhokwe ya Ackim Ilibe Chitseko

Tayankhani inu ophunzira: ndi munthu uti amene chimanga chake chimatengedwa chaka chonse, koma sanaberedwepo? Mwalephera? Khalani pansi, yankho lili ku Bundabunda.

Anastasia anakhala pamphasa, mpango wakuda kumutu, maso ali pa kampando kamene mwamuna wake anagwerapo. Ackim sanadwale ayi. Ankatonola chimanga akuimba nyimbo ya kwaya ndi liwu lake lija ngati la ng'ombe yosochera, basi nyimbo n'kudukira pakati. Anthu pothamangira anapeza chitsononkho chidakali m'manja. Maliro anaikidwa, koma Anastasia ankangoona ngati bamboyo atulukira kuseri kwa nyumba kudzamaliza vesi yake.

Pamsonkhano wa banja pakamwa panali pamodzi: pa Sanford, mkulu wake wa malemu, dikoni wa ku Lusaka, wa nsapato zosadziwa fumbi.

"Mulamu, osalira," anatero. "Kumwamba miseu ni ya golide. Ine nikakafika, nyumba yanga izakhala ya pa kona, chifukwa dzanja ili silinagwirepo cha munthu. Koma pano ni pansi. Nkhokwe iyo ifunika chitseko." Anatulutsa loko watsopano m'jekete n'kumuika pamphasa. "Makiyi nizasunga ine."

Nkhokweyo, ya njerwa ndi malata, Ackim anaizula chitseko kalekale atamva kutchalitchi kuti zipata za mzinda wa Mulungu sizitsekedwa. "Kwaya imayeserera pa Chiweru kuti pa Sondo isachite manyazi," ankatero. "Nanga ise tikafike kumwamba osayeserera?" Chaka chimenecho Anastasia anamutcha wamisala. Koma amasiye ankabwera ndi timabeseni nthawi ya njala, pokolola n'kudzabweza, ena mosefukira, ena osaonekanso, ndipo banjalo silinagonepo ndi njala. Chitseko chija chinakatseka khola la mbuzi, poti za mbuzi Ackim ankati Mawu a Mulungu sananenepo.

"Ba mulamu," Anastasia analankhula motsitsa, "mung'ono wanu anati isatsekedwe."

"Mung'ono wanga wagona! Anthu a kuno ni akawalala. Lowani muone, thumba lina lasowa lero lomwe, maliro asanazizire."

Azimayi anagwira pakamwa. Kuba pamaliro! Amuna anayang'anizana, aliyense akuyeza mnzake ndi diso. Anastasia anayang'ana kunkhokwe. Kodi anthu ankangoopa nkhope ya Ackim? Kodi kumwamba kwake kuja kwaikidwa naye limodzi? Dzanja lake linayamba kutambasukira pa loko uja.

"Sanford mwanawe," anatero a Chipasha, azakhali a malemu, akutafuna nzimbe ndi mano awo otsalawo, "nkhuku za kuno zinayamba liti kukonda motoka?"

Onse anacheuka. Kuyambira pakhomo pa nkhokwe, kudutsa pabwalo, mpaka pansi pa mtengo wa mango pamene panaima galimoto ya Sanford, nkhuku zinali pamzere ngati za chigwirizano cha amayi, zikujompha. Tambala anali kumbuyo kwa galimotoyo, pansi pa buti, akudumphira njere zimene zinkagwa imodziimodzi.

"Zifuna mthunzi," anatero Sanford.

"Tsegula butiyo, nase tiuone mthunziwo."

Sanford anafufuza m'matumba ngati makiyi athawa. Mkazi wake Keziah anangowasolola m'dzanja lake lamanzere, n'kupita kukatsegula. Thumba linali phee m'menemo, pangodya pali bowo la khoswe, chimanga chikuyoyoka.

Keziah anakhala pansi pafumbi pomwepo, manja kumutu.

"Mayo ine, nyumba ya pa kona!" anakuwa a Chipasha, nzimbe ikugwa m'manja. "Uzakalowa pachipata na nkhuku kumbuyo, zikukuperekeza!"

Wina anafwenthera m'chitenje, wina anakanika kudzigwira, kenaka bwalo lonse linaphulika. Anthu amene misozi inali isanaume anaseka mpaka kugwirana mapewa. Dikoni anangoima, thukuta kamukamu, nkhuku ikujompha pafupi ndi nsapato yake.

Anastasia sanaseke. Anadzuka pang'onopang'ono kupita kunkhokwe. Pamsomali, pamene kale pankagwira chitseko, panali singano yaikulu ya matumba, ulusi uli kale m'diso. Ackim ankaisiya pamenepo, kuchitira obwera ndi matumba obooka. Anaitenga, nagwada pambuyo pa galimoto, nasoka bowo lija bwinobwino, n'kudula ulusi ndi mano.

"Simunabe, ba mulamu. Palibe chitseko," anatero. "Koma ku Lusaka ni kutali, chimanga chingakuthereni m'njira."

Anabwezera singano pamsomali pake, atalowetsamo ulusi wina.