Mbale ya Leticia pa Foni ya Megha

"Musadye kaye anti, ndijambule," anatero Megha atalozetsa foni pa mbale ya Leticia.

Leticia, wophika kunyumba ya a Narendra ku Area 9, anabweza supuni. M'mbalemo munali nyemba, nkhwani ndi kambatata kamodzi. Linali tsiku lachinayi mtsikanayo akuchita zimenezi.

Adokotala anali atachenjeza kuti Megha, wa zaka khumi ndi zisanu, watsala pang'ono kudwala shuga. Bambo ake, a Narendra, anamulembetsa pulogalamu ya pa intaneti yochepetsa thupi, yomwe inkafuna chithunzi cha chakudya chilichonse asanadye. Iwo anathera pomwepo. Patebulo pankabwerabe samusa, tchipisi ndi nyama yosambira m'mafuta.

"Kodi zithunzizi zikupita kuti?" anafunsa Leticia.

"Kwa kochi wanga. Akuti ndikudya bwino kuposa gulu lonse. Andipatsa nyenyezi zinayi."

"Ndiye nyenyezizo ndi zanga. Iwe ukatha kujambula umakadya chiyani?"

Megha anayang'ana pansi.

Kuchipinda chodyera kunamveka mawu a Narendra, chakudya chili m'kamwa. "Leticia, onjezera samusa. Ndipo umuuze uyo achepetse kudya, akutichititsa manyazi."

Leticia anasuzumira pakhomo. Mafuta ankayenderera pachibwano cha abwanawo mpaka pa kolala, zala zili noninoni, akuzinyambita chimodzichimodzi. Mayi a Megha ankapukuta mbale ya nyama ndi chapati. Leticia anachita tsinya n'kubwerera.

"Make mbuu, mwana mbuu," ananong'ona.

"Ndinayesa, anti," anatero Megha. "Masiku atatu. Koma kutafuna masamba ndekha, onse akudya samusa pamaso panga? Mawa ndingoifufuta pulogalamuyi."

"Ufufute, shugayo afufutikanso? Koka mpando."

Leticia anatenga mbale ina, nagawa chakudya chake pakati. "Jambula yakoyo. Ukatero udye, ine ndikuona. Foni ilibe maso, ine ndili nawo."

Megha anadya pang'onopang'ono, nkhope ili chikwinyire, koma anamaliza.

"Samusa zija bwanji?" anakuwanso a Narendra.

Leticia anazimitsa moto pa chiwaya cha mafuta. Anapakula nyemba ndi nkhwani zotsala mu mphika, nakaziika pakati pa tebulo.

"Ichi n'chiyani?"

"Mankhwala a mwana wanu, bwana. Adokotala sananene kuti azimwa yekha."

A Narendra anatsegula pakamwa kuti ayankhe, koma anaona Megha ataima pakhomo la khitchini, mbale yopanda kanthu ili m'manja. Kenako anatambasula dzanja n'kutenga chipande.