Chikwangwani cha Alimi a Mbatata

Goliati anali atatsegula kale chitini cha penti, koma bolodi linali likadali loyera.

"Ndilembe chiyani tsopano? Penti ikuuma," anatero wolemba zikwangwaniyo.

Chimango, mlangizi wa zamalonda amene anali atangofika kumene ku Biriwiri, ankangoyendayenda pakhonde, kope lili m'manja. Sabata yapitayo anaitana alimi a mbatata ya kachewere kumsonkhano wa mutu wakuti "Kuzungulira kwa Malonda". Alimi sanabwere. Kunabwera mavenda a kaunjika atalusa, poganiza kuti akufuna kuwaletsa kuzungulira m'midzi ndi katundu wawo. Tsopano unatsala mwayi umodzi woitanitsa msonkhano wina kudzera pachikwangwani, mawa lake patsiku la msika, anthu asanagule mbewu.

"Lembani kuti 'Nyengo za Malonda'," anatero Chimango.

"Adzati ndi za Khirisimasi," anayankha Mayi Salome, wapampando wa kalabu ya alimi, ali khale pathumba la feteleza.

"Nanga 'Kukwera ndi Kutsika kwa Chuma'?"

Goliati anaseka. "Kunoko chuma ndi ng'ombe, achimwene. Kudzadzaza ofunsa za dipi."

Chimango anapukuta thukuta. "Koma buku la zachuma likutanthauza zomwezo! Malonda amayenda bwino zaka zingapo, aliyense n'kuthamangira komweko, kenako amagwa, n'kudzadzukanso."

"Chikomekome cha mkuyu, mwanangu. Mawu anuwo akukoma kunja kokha," anatero Mayi Salome. "Chaka chija mbatata inadula, tonse tinadzala mpaka kuseri kwa nyumba. Chaka chotsatira ine ndinadyetsa nkhumba ngolo ziwiri, mwana wanga n'kukhala pakhomo teremu yonse. Ndi zimene mukunenazi?"

"Imeneyo ndi mbali chabe, mayi. Nkhaniyi ndi ya dziko lonse."

"Dziko lonse silibwera mawa. Tibwera ndife. A Goliati, lembani: 'Bwanji Mtengo Umagwa Tikadzala Tonse?'"

Goliati anaviika burashi, kenako anaima. "Mtengo? Ndiye kubwera a zankhalango ndi nkhwangwa zawo."

Chimango anayang'ana bolodi kanthawi ndithu.

"Ikanipo 'wa Mbatata'," anatero motsitsa mawu.

Burashi itayamba kuyenda, Chimango anakhala pansi n'kung'amba masamba atatu oyamba a kope lake.

"Mayi, mawa muyambe ndinu kulankhula. Munene zomwe mwandiuzazi."

Mayi Salome anamanga bwino chitenje chawo.

"Ndiye pansipo alembepo eyiti koloko, msika usanatenthe."